Mwana wa Kumapiri ndi Nyanja ya Mwera

 Ndikulemba ndili kuno ku Thazima, m'boma la Rumphi, pa chipata cholowera ku nkhalango ya Nyika. Ine mchombo wanga udagwera ku Nkhotakota, koma ntchito idandiponya kuno kumapiri zaka zambiri zapitazo, ndipo ana anga akulira konkuno. Nyanja saiona. Kuti aione ayenera kuyenda makilomita oposa 50 kukafika pa boma la Rumphi, kenaka n'kukwera galimoto ina yokatsetsereka phiri la Chiweta. Nkhani ya lero ndi ya ana otere: ana athu a kunyanja amene akukulira kutali ndi madzi, kaya ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu kapena ku Joni, amene amafika kwa agogo awo pa holide pokha.

Chaka china mu Ogasiti ndidatenga mwana wanga wachisamba, ali ndi zaka 11, kukaona amayi ku Nkhotakota. Mnyamatayu adaphunzira kusambira m'kadziwe ka mtsinje wa kuno, momwe madzi ake mu Juni amachititsa dzanzi zala. Atangoponda m'nyanja tsiku loyamba adafuula kuti, “Ababa, madzi akuno ali ngati owiritsa!” Tonse tidaseka. Inenso mtima udakhala pansi poona kuti mwana amatha kusambira ndipo madzi sakumuzizira.

Tsiku lachitatu, dzuwa litapendeka, ndidali pa khonde kucheza ndi amalume. Mwera udali utayamba kuwomba chakum'mawa ndipo ana a pamudzipo adali atatuluka kale m'madzi. Wanga yekha adatsala, akusewera ndi mafunde. Funde lina lidamgwetsa, lina lidamkokera mkati, ndipo poyesa kubwerera kumtunda adapeza kuti akusambira koma sakusuntha. Chidampulumutsa ndi msodzi wina amene ankasoka ukonde pamchenga. Iye adamponyera chigubu chomangidwa ku chingwe, mwana adachikumbatira, ndipo adamkoka ngati kampango. Pamene ine ndinkafika ndikuthamanga, mwana adali atagona pamchenga akusanza madzi.

Madzulo ake amalume sadandikalipire. Adangonena kuti, “Mphwanga, mwanayu udamphunzitsa kusambira, koma nyanja sudamphunzitse.” Mawu a akuluakulu akoma akagonera. Ndakhala nawo mawuwa zaka zonsezi, ndipo lero ndati ndigawaneko nanu.

Tiyambe ndi chimene chidanyenga mwana wanga, ndicho kufunda kwa madzi. Akatswiri amene amayeza nyanja yathu amapeza kuti madzi a pamwamba amakhala pakati pa madigiri 23 ndi 29 chaka chonse. Amafunda kwambiri m'nyengo ya dzinja, kuyambira Januwale mpaka Malichi, ndipo amazizirako mu Julayi ndi Ogasiti. Ngakhale pansi penipeni, pomwe nyanja imazama pafupifupi mamita 700 kumpoto kwa Nkhata Bay, madzi ake amakhala cha m'ma madigiri 22. Kusiyana kwa mwezi wofunda ndi mwezi wozizira n'kochepa ndithu. Palibe mwezi umene madzi athu amathamangitsa munthu ndi kuzizira.

Kuti mumvetse chifukwa chake izi zili zofunika, tiyeni tiyerekeze ndi nyanja ina. Achinyamata athu amene amakaphunzira ku Al-Azhar mu mzinda wa Cairo amatha kukacheza ku Alexandria, m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, kumene anthu ochokera m'maiko ambiri amapita kukasambira. Kumeneko nyengo ndi yotembenuka poyerekeza ndi yathu: kukamazizira kuno, kumeneko kumakhala kukutentha. Mu Ogasiti madzi a ku Alexandria amafika cha m'ma madigiri 27, ofanana ndi athu. Koma mu Febuluwale amatsika mpaka cha m'ma 17, ndipo kumpoto kwa nyanja yomweyo, kufupi ndi dziko la France, amatsika mpaka cha m'ma 13. Madzi otere salola munthu kucheza nawo. Choncho miyezi ya mphepo ndi mafunde aakulu ikafika, kuzizira kumakhala kutachotsa kale anthu pagombe. Amabwerera okha madzi akafunda, kuyambira cha mu Juni mpaka Okutobala. Ndipo m'magombe ambiri otchuka kumakhala alonda ophunzitsidwa kupulumutsa anthu, amene amakweza mbendera yofiira tsiku limene nyanja yavuta.

Pali chinanso. Madzi a Mediterranean ndi amchere kwambiri, pafupifupi magalamu 38 a mchere pa lita imodzi, ndipo madzi amchere amanyamula thupi la munthu. Athu alibe mchere wotere, ndiye wosambira amadzinyamula yekha ndi mphamvu za manja ndi miyendo yake. Akatopa, madzi samuthandiza.

Tsono kwathu kuno kulibe kuzizira kochenjeza, ndipo m'madooko a m'midzi mwathu mulibe mbendera kapena mlonda. Mwana amaponda m'madzi, amva kufunda, basi waganiza kuti nyanja yamulandira. Komatu nyanja yathu ili ndi nyengo zake zinayi, ndipo chimene chimazisiyanitsa ndi mphepo, mvula ndi zamoyo za m'madzimo. Makolo athu ankazidziwa ngati zala za kudzanja. Ndizitchule chimodzichimodzi.

Nyengo yoyamba ndi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina kufika mu Sepitembala. Mphepo imeneyi imachokera kummwera chakum'mawa. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo mwera umayenda motsata utali wonsewo popanda phiri loutchinga. N'chifukwa chake mafunde amakulirakulira pamene akulowera kumpoto, ndipo amatha kutalika kuposa munthu. Mwera umatha kuwomba masiku angapo osapuma. Umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kummwera, cha ku Mangochi, madzi ozizirako a pansi amakwera kudzalowa m'malo mwake. Madzi okwerawa amabweretsa chakudya cha tizilombo timene usipa umadya, kotero mwera uli ndi ubwino wake kwa asodzi. Koma kwa wosambira ndi mdani.

Anthu a kuno ku Rumphi sadaiwale za mwera. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya idagubuduzika ndi mafunde kufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati ku Chitimba, ndipo anthu 145 adamira. Idali sitima yachitsulo yatsopano. Ngati mafunde a Julayi adagonjetsa chitsulo, nanga mwana wa zaka 11?

Chimene chidakoka mwana wanga nachi. Mafunde akamenya gombe motsatizana, madzi onse amene aunjikana kumtunda amafuna njira yobwerera. Amapeza kakhwawa pakati pa mchenga ndipo amatuluka pamenepo mwamphamvu ngati mtsinje wolowera pakati pa nyanja. Malo amenewa amaoneka abata kuposa ena chifukwa mafunde saphulikapo kwambiri, ndiye mlendo amasankha pomwepo. Wogwidwa ndi madzi otere asalimbane nawo polunjika kumtunda, chifukwa adzatopa asanafike. Agone chagada, apume, akweze dzanja kuitana, ndipo ngati angathe asambire cham'mbali motsata gombe mpaka atuluke mumkokomowo. Pamenepo ndiye atembenukire kumtunda.

M'nyengo yomweyi tisaiwale kuti ngakhale madigiri 23 akumveka ofunda, thupi la munthu limakhala pa madigiri 37, ndipo madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya. Mwana wochepa thupi akakhalitsa m'madzi mphepo ikuwomba amayamba kunjenjemera, milomo imasintha mtundu, minofu ya m'miyendo imakokana. Mukaona mwana akugwedeza chibwano, mutulutseni, mumupukute ndi kumufunditsa, ngakhale iye akulumbira kuti sakumva kuzizira.

Nyengo yachiwiri ndi ya chilimwe, kuyambira kumapeto kwa Sepitembala mpaka Novembala. Mwera umakhala utagona, ngakhale mphepo ya vuma yochokera kum'mawa imatha kuvundula madzi masiku ena. Madzi amayera mpaka munthu kuona mchenga pansi, nyanja imaphwera, ndipo dzuwa limaotcha moti aliyense amafuna kulowa. Imeneyi ndiyo nyengo yabwino yophunzitsira ana kusambira, makamaka m'mawa. Koma bata nalo lili ndi mlendo wake, ndiye likodzo. Tizilombo ta likodzo timakulira mu nkhono zimene zimakonda madzi osaya, odekha, a m'mabango ndi m'ndere. Timatuluka mu nkhonomo makamaka dzuwa likakwera ndipo timalowa pakhungu popanda munthu kumva chilichonse. Kale ena ankati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula. Ayi ndithu, ameneyo wadwala, ndipo matendawa akakhalitsa amaononga chikhodzodzo ndi impso, komanso amavutitsa amayi pa nkhani ya uchembere. Mankhwala ake, praziquantel, amapezeka m'zipatala ndipo nthawi zina amagawidwa m'sukulu. Mwana wa mtauni amene wasambira kwa agogo akayezedwe pakapita miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale asakudandaula. Ndipo tiphunzitse ana onse kuti kukodzera m'nyanja ndiko kumadyetsa nkhonozo matendawa.

Nyengo yachitatu ndi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Apa madzi amakhala ofunda kuposa nthawi ina iliyonse, koma kumwamba sikudalirika. Mphepo ya mpoto imabwera ndi mitambo, ndipo nyanja imene idali chete masana imatha kusanduka namondwe mphika wa nsima usanapse. Mukamva bingu, ngakhale lili patali, aliyense atuluke m'madzi ndipo achoke pamchenga, chifukwa mphenzi imakonda malo a poyera. Mitsinje monga Bua, Dwangwa, Linthipe, ndi South Rukuru wa kuno kwathu amene amathira m'nyanja cha ku Mlowe, imatsika ndi madzi ofiira, zipika ndi zinyalala. Madzi akada, munthu saona pamene akuponda, ndiponso saona ng'ona. Pamathiriro a mitsinje si posambira nthawi ina iliyonse, koma m'dzinja ndiye n'kuika moyo pachiswe. Madzi a mvula amakokololanso zonyansa za kumtunda, ndipo tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 momwe idasautsira maboma a m'mphepete mwa nyanja. Madzi osambiramo si madzi akumwa.

Nyengo yachinayi ndi ya masika, mu Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi. Mvula imakhala italeka koma mitsinje ikuthirabe, ndipo nyanja imafika pachimake pa kudzaza kwake. Mu 2024 idakwera kwambiri mpaka kulowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi madera ena. Nyanja ikakwera chonchi imabisa zitsa, maenje, mipanda ndi maziko a nyumba. Mwana amene adasambira pa dooko lina chaka chatha amaganiza kuti akulidziwa, chikhalirecho pansi pasintha. Pamene padali pofika m'chiuno pakhoza kukhala pomiza mutu. Asadumphire m'madzi chamutu pamalo amene wamkulu sanayendepo ndi mapazi chaka chomwecho.

Tsono onani mmene masiku athu a chisangalalo akugwera. Holide yaikulu ya sukulu imagwa mu Ogasiti, pakati pa mwera, ndipo ndi nthawi yomwe ana a mtauni amatumizidwa kwa agogo. Masiku a Eid, pamene mabanja ambiri amakonda kukathera masana kugombe, sakhala malo amodzi. Amabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, motero amayendera nyengo zonse za nyanja. Eid ul-Fitr ya 2016 idagwa mu Julayi, mwera uli pakati, pamene ya 2024 idagwa mu Epulo, nyanja itadzaza. Eid ul-Adha idagwa mu Juni m'zaka za 2023, 2024 ndi 2025. Ndiye kunena kuti “pa Eid timasambira chaka chilichonse ndipo sitinaonepo vuto” sikutithandiza. Eid ndi yomweyo, koma nyanja ya chaka chino si ya zaka zisanu zapitazo.

Vutoli si lathu lokha. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 adafa pomira m'madzi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse adali mwana wosakwana zaka 5. M'chaka chomwecho bungwe la United Nations lidasankha 25 Julayi kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira. Kwa ife tsikuli likugwa pabwino, pakuti ndi mwezi wa mwera.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, mlendo afunse. Safunsa adadya phula. Musanalole ana kulowa, pitani kwa asodzi a pa dookopo mukafunse za tsikulo. Mukaona mabwato onse ali kumtunda nthawi imene amayenera kukhala pamadzi, yankho mwalipeza kale. Mverani wailesi, pakuti a nthambi yoona za nyengo amalengeza mwera ukamabwera.

Chachiwiri, pakhale munthu wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana ana basi. Asakhale akuchapa, kutsuka mbale kapena kuyang'ana pa foni. Pa chikondwerero aliyense amaganiza kuti mnzake akuyang'anira, mapeto ake palibe akuyang'ana. Ndipo dziwani kuti mwana womira kawirikawiri sakuwa. Pakamwa pake pamakhala potanganidwa ndi kufuna mpweya, amangoimirira m'madzi mutu uli chagada, ndipo nthawi yochepa chabe wasowa. Kamwana kongoyamba kuyenda kamatha kumira m'madzi ofika m'mawondo mwa mayi ake. Kusiyira mwana wa zaka 8 kuti alere mng'ono wake pagombe n'kusenzetsa mwana katundu wa akulu.

Chachitatu ndilankhule ndi amayi ndi alongo athu. M'midzi yambiri anyamata amakula akusambira, pamene atsikana amangodziwa kutunga ndi kuchapa. Komatu bwato likagubuduzika silisankha. Popeza madooko athu ambiri ali ndi mbali ya amayi payokha, amayi odziwa kusambira atenge atsikana m'mawa wa chilimwe n'kuwaphunzitsa kuyandama chagada ndi kupalasa madzi. Za zovala, ulemu wathu tiusunge, koma tidziwe kuti chitenje ndi diresi lalitali lotaya zikanyowa zimalemera ndipo zimakulunga miyendo. Buluku lalitali lopepuka ndi malaya a manja aatali osataya kwambiri zimabisa thupi bwinobwino popanda kumanga munthu. Wovala chitenje asapitirire madzi a m'chiuno.

Chachinayi, ngozi ikachitika musathamangire kudumphira. Munthu womira amagwira chilichonse ndi mphamvu zoopsa, ndipo kawirikawiri maliro amakhala awiri m'malo mwa amodzi. Chitani zimene adachita msodzi uja: ponyani chigubu chotseka bwino, chingwe, kapena mupatseni nsungwi kaya nkhafi inu muli poponda. Chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chomangidwa ku chingwe chachitali, chimakwanira kunyamula munthu wamkulu. Banja lililonse lopita kugombe likhoza kunyamula chimodzi. Pokwera bwato kapena boti, ngati majekete oyandamitsa alipo, ana ayambe ndiwo kuvala.

Munthu akavuulidwa, musamuzondotse kapena kumupondaponda pamimba kuti madzi atuluke, kumeneko n'kutaya nthawi. Mugonekeni chagada, mupendeketse mutu wake cham'mbuyo pang'ono, ndipo muone ngati akupuma. Ngati sakupuma, mutsineni mphuno n'kumuuzira mpweya m'kamwa kasanu, kenaka mupsinje pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira ka 30, muuzirenso kawiri, n'kumabwereza chomwecho pamene wina akufuna galimoto. Ngati akupuma, mugonekeni cham'mbali ndi kumufunditsa. Ngakhale atadzuka n'kumalankhula, apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa madzi amene alowa m'mapapo amatha kuyambitsa vuto pakapita maola. Pemphani azaumoyo a m'dera lanu kuti adzakuonetseni zimenezi ndi manja pa msonkhano wa amayi kapena wa achinyamata.

Ena adzati ndikuopseza ana kuti aziithawa nyanja. Sichoncho. Nyanja ndiyo idatilera, chambo ndi usipa wake ndizo zidalipira sukulu ambiri a ife. Mwana wa kunyanja wosadziwa kusambira ali pangozi yaikulu kuposa wodziwa. Chimene ndikupempha n'chakuti pophunzitsa mwana kupalasa madzi timuphunzitsenso kuwerenga mphepo, mtundu wa madzi ndi mwezi umene tili. Ife amene tidakulira pagombe palibe adatikhazika pansi. Tinkangoona atate akuyang'ana kummwera m'mamawa n'kubweza nkhafi m'nyumba, ndipo tinkamva. Ana athu a kutali saona zimenezo, ndiye tiyenera kuwauza ndi pakamwa.

Mnyamata wanga uja tsopano ndi bambo wa ana awiri. Ulendo wapitawu tidatsikira limodzi ku Chiweta, iye, ine ndi adzukulu anga. Titafika pagombe tiana tija tidathamangira kumadzi, koma iye adatigwira manja n'kupita nato kwa mkulu wina amene adakhala pa bwato. Ndidamumva akupereka moni ndi kufunsa kuti, “Agogo, nanga lero nyanja ikuti bwanji?” Mkuluyo adaloza kummwera, n'kupukusa mutu. Tsiku limenelo adzukulu anga adasewera pamchenga, ndipo madzulo tidakwera galimoto kubwerera ku Thazima tonse anayi.

Inunso holide ikubwerayi, mwana asanavule nsapato, funsani funso lomwelo.